Lamulo la Wenzulo ku Zilibwino

Mu ufumu wa Zilibwino munali chaka china chimene panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anavulala pantchito. Mafumu a maiko oyandikana anatumiza nthumwi kudzaphunzira nzeru imeneyi. Nthumwizo zinadyetsedwa bwino, zinaonetsedwa chipatala chopanda wodwala, n'kubwerera kwawo zikusirira. Malo okhawo amene sizinaonetsedwe ndi mudzi wa Pirirani, chifukwa akuti msewu wake unali woipa. Ndipo unalidi woipa.

Chuma chonse cha Zilibwino chinkachokera kuphiri la Chumachathu, kumene amuna a ku Pirirani ankaswa miyala. Maiko ena ankagula miyalayo kukamangira misewu ndi milatho, ndalama zake n'kukwera ku Mtambasale, likulu la ufumuwo, kumene Mfumu Ndakhuta inkakhala ndi nduna zake. Zikafika ku Mtambasale ndalamazo sizinkatsikanso, mwina zinkaopa msewu uja. Chimene chinkatsika kuphiri ndi anthu: ena ataphwanyika zala, ena atathyoka miyendo, ena fumbi litawadzaza m'chifuwa mpaka kumapuma ngati mvukuto wobooka.

Tsono panali mwambo wa makolo wakuti munthu akavulala pantchito ya mfumu ankagonekedwa ulere ku Chipatala cha Antchito, banja lake n'kulandira chipukuta misozi. Mwambo umenewu ndi umene unkasowetsa mtendere a Tidyeretu, Nduna ya Nkhokwe.

"Mwini dziko," anatero a Tidyeretu pabwalo la nduna, atagwada bondo limodzi poti lachiwiri mimba sinkalola, "nkhokwe yanu ikutha ndi anthu osasamala. Munthu adziponde chala ndi hamala, ife tilipire. Wina aterereke pathanthwe, ife tilipire. Wina angotsokomola, ife tilipire. Anthu amenewa apeza bizinesi, wawa. Akukugulitsani ziwalo zawo pamtengo wokwera."

"Ziwalo zimene ine sindinaitanitse," inatero mfumu mokhumudwa.

Nduna zinaomba m'manja chifukwa cha kuya kwa mawu amenewa. Kenaka anaimirira Dokotala Zembeni, mkulu wa Chipatala cha Antchito, munthu wowonda amene ankayankhula moyang'ana pansi.

"Wawa, mwina tikanawagulira zisoti, jombo ndi zotseka pamphuno. Tizithiranso madzi pamiyala kuti fumbi lichepe. Zimenezi n'zotchipa kusiyana ndi kudula miyendo ndi kuika maliro."

"Zisoti?" anafuula a Msandikhudze, Nduna ya Thukuta, amene iwo eni thukuta ankaliona pa anthu ena basi. "Ndiye mukunena kuti phiri la mfumu limagenda anthu? Nenani momveka, adokotala, bwalo limve!"

Dokotalayo anali ndi ana apasukulu, choncho anakhala pansi.

A Msandikhudze anapisa m'thumba n'kutulutsa wenzulo. "Vuto si kuvulala, mwini dziko. Munthu amavulala ngakhale kubafa kwake. Vuto ndi kuvulala pantchito. Tsono kuphiri kuja tikaliza ichi, anthu amaweruka, ndipo munthu akaweruka salinso pantchito. Ndiye kapitawo akangoona munthu akugwa, alize wenzulo. Munthuyo aweruke ali m'malere. Pofika pansi akhale ali pa nthawi yakeyake, ndipo chimene akachipeze pansipo n'chake."

Nzeru ngati imeneyi inali isanamvekepo chiyambire ufumuwo.

"Nanga otsokomolawa?" inafunsa mfumu. "Iwo aja sagwa."

"Akangotsokomola kamodzi, wenzulo. Kachiwiri akatsokomolere kunyumba kwake."

Mfumu Ndakhuta inakondwa kwambiri mpaka inaitanitsa nyama ina. Tsiku lolengeza lamulolo inaima pamaso pa dziko lonse n'kunena kuti kuyambira tsopano ngozi zapantchito zaletsedwa mu Zilibwino. "Lamulo limeneli silisankha nkhope," inatero itakweza chala. "Ngakhale ine amene, ndikadzagwa ndili pantchito, mudzandilizire!" Nduna zinaseka mpaka misozi, chifukwa panalibe amene anaionapo mfumu ili pantchito. Anthu a ku Pirirani anaomba m'manja, amene anali nawo manja onse. Enawo anaomba pantchafu.

Mmodzi mwa oyamba kulawa lamuloli anali a Mkwapatira, woswa miyala wamphamvu amene anakulira kuphiriko. Mkazi wawo, Nazimbiri, ankagulitsa tomato pamsika wa Tingoona, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwatitha, anali kusekondale. A Mkwapatira ankakonda kunena kuti fumbi la phirilo alimeza iwo lokwanira banja lonse, moti mwana wawo sadzapondako ngakhale kukapereka chakudya.

M'mawa wina akugwira ntchito pamwamba pa thanthwe atavala masilipasi otha, phazi lakumanzere linaterereka. Kapitawo wa wenzulo anali a Gwedeza, mnzawo wosewera naye bawo. A Gwedeza anaona mnzawo akubwera chadodolido, anatsinzina, n'kuliza. A Mkwapatira anafika pansi ataweruka kale. Mwendo wakumanzere unathyoka m'munsi mwa bondo, fupa n'kutulukira kunja.

"Pepani, achimwene," anatero a Gwedeza misozi ili m'maso. "Ndi ntchito."

"Mwaliza bwino, achimwene," anayankha a Mkwapatira akukukuta mano. "Ndamva ndili m'mwamba."

Nazimbiri anabwereka wilibala, anakweza mwamuna wake, n'kukankha mpaka ku Chipatala cha Antchito. Chipatalacho chinali ndi geti lalikulu lachitsulo lolowera odwala, ndi kakhomo kakang'ono kolowera ogwira ntchito. Pageti panali mlonda wa yunifomu yosita bwino.

"Avulalira kuti, mayi?"

"Kuphiri, bambo. Pantchito ya mfumu."

"Kunalira wenzulo?"

"Kunalira."

"Asanafike pansi kapena atafika?"

Nazimbiri anafuna kunama, koma a Mkwapatira anali munthu wosadziwa bodza ngakhale pamene bodza likanawapulumutsa. "Ndili m'mwamba, bwana," anatero ali m'wilibala.

"Ndiye anali ataweruka, mayi. Nanga munthu woweruka amakatani pathanthwe la mfumu? Muthokoze kuti sitikuwaimba mlandu wolowa pamalo a eni."

Dokotala Zembeni anasuzumira pakakhomo kaja. Anayang'ana uku ndi uku, anavundukula nsalu pamwendopo, n'kunong'ona: "Mwendo uwu ukufunika kulowa muno msanga. Ukalowa lero kapena mawa, bambowa adzayendanso. Mukachedwa, tidzaudula."

"Ndiye tilowetseni, adokotala."

"Lamulo, mayi," anatero dokotala, n'kubweza mutu wake m'kati ngati kamba.

Kuyambira tsiku limenelo Nazimbiri anali ndi ntchito imodzi: kulowetsa mwendo wa mwamuna wake pageti lija usanawole. Anapita kuofesi ya Nduna ya Thukuta, anamuuza kuti nkhani ya munthu woweruka si ya thukuta. Anapita kuofesi ya Nduna ya Nkhokwe, anamuuza kuti abwere mawa, ndipo mawa lake anamuuzanso chimodzimodzi mwaulemu womwewo. Benchi yake ya tomato anaisiya chifukwa wodwala sankatha kudzitembenuza yekha. Munda unamera tchire. Anagulitsa mbuzi kuti agule mapilitsi opha ululu pagolosale, kenaka anagulitsa malata a kukhitchini kuti alipire sing'anga amene anamanga mwendowo ndi timitengo. Fizi itasowa, Mwatitha anabwerera kunyumba ndi sutikesi yake.

"N'kwakanthawi chabe, mwanawe," ankatero a Mkwapatira ali pamphasa. "Mwendowu ukangopola, ine kuphiri, iwe kusukulu."

Mwendowo sunkapola. Unayamba kuda, ndipo m'nyumbamo munayamba kumveka fungo limene aliyense ankanamizira kuti sakulimva.

Pamsika wa Tingoona, kumene Nazimbiri anapita tsiku lina kukagulitsa mapoto ake, zinthu zinali zitafanana ndi dzina la msikawo. Anthu ankabwera, kuona, n'kubwerera.

"Malonda akuyenda, a Nachanza?" anafunsa Nazimbiri kwa mayi wogulitsa usipa.

"Ayende ndi miyendo iti, asisi? Makasitomala anga onse anaweruka."

A Kholowa, kalipentala wa pamsikapo, anali atasiya kukhoma mipando ndi matebulo. Pashedi pawo panali ndodo zoyendera zokhazokha, ndipo kuseri kunali mabokosi amaliro. Anthu ankati bambo ameneyu yekha ndiye walemera ndi lamulo la wenzulo, koma iwo ankakana.

"Kulemera kwake kuti? Wogula ndodo alibe ntchito, wogula bokosi alibe mwamuna. Amandilipira nkhuku. Ndadya nkhuku mpaka ndayamba kudzuka ndisanafune, ngati tambala."

"Koma ndamva kuti kuphiri chifuwa chatha," anatero a Nachanza. "Wailesi ya mfumu yanena."

"Chathadi," anayankha a Kholowa. "Masiku ano amuna amameza chifuwa. Chikabwera, amachibweza m'mimba, maso n'kutuzuka, mpaka aweruke. Mudzadutse ku Pirirani dzuwa likamalowa, mudzamve. Mudzi wonse umalipira ngongole ya tsiku lonse nthawi imodzi."

Anaseka onse, Nazimbiri yemwe, chifukwa ku Zilibwino kuseka kunali kusanaikidwe msonkho. Mapoto aja palibe anagula.

Ku Mtambasale nako zinthu zinali zitasokonekera, koma mwa mtundu wina. Bwalo la nduna linakumananso, nkhope zili zolendewera.

"Mwini dziko, pali chodabwitsa," anatero a Tidyeretu. "Ngozi zatha. Chipukuta misozi sitikulipiranso. Kuchipatala sitikugula ngakhale bandeji. Koma nkhokwe mukaigogoda ikulira ngati ng'oma."

Anafotokoza kuti miyala yotsika kuphiri yachepa, chifukwa amisiri odziwa kumene mwala umang'ambikira ali pamphasa kwawo. Anyamata olowa m'malo mwawo akuswa mahamala m'malo moswa miyala, ndipo sakhalitsa asanaweruke nawonso. Maiko ogula miyala ayamba kukagula kwina. Msonkho wa pamsika sukutoleredwa chifukwa palibe chogulitsidwa. Minda ya ku Pirirani, imene inkadyetsa likulu, sinalimidwe poti amayi onse asanduka anamwino, moti chimanga chikugulidwa kunja pamtengo woboola m'thumba.

"Ndiye chalakwika n'chiyani?" inafunsa mfumu.

Dokotala Zembeni anatsegula pakamwa, anakumbukira ana ake, n'kutsekanso.

"Phiri lakwiya, wawa," anatero a Msandikhudze. "Lachedwa kuthokozedwa."

Nduna zonse zinapuma mpweya wabwino, chifukwa mlandu unali utagwera munthu wosatha kuyankha. Ku Zilibwino kunali mwambo wakuti chaka chilichonse mfumu inkakwera phiri la Chumachathu kukalithokoza, itanyamulidwa pamachila ndi oswa miyala enieni, osati asilikali kapena antchito a kunyumba yachifumu. Imeneyi ndiyo inali ntchito yokhayo imene mwambo unkailamula mfumu kugwira pachaka, ndipo inkaigwira chogona. Bwalo linagamula kuti mwambowo uchitike msanga.

"Koma pali kavuto kena kakang'ono," anawonjezera a Msandikhudze. "Oliza wenzulo atha. Kapitawo Gwedeza anatsokomola dzana, ndipo poti ndi munthu wokhulupirika, anadzilizira yekha. Amuna otsalawo alibe mpweya wokwanira. Akauzira, kumangotuluka fumbi. Ndikupempha chilolezo cholemba amayi."

Chilolezo chinaperekedwa, ndipo nkhani inafika ku Pirirani kuti kukufunika mayi wa mapapo abwino.

Nazimbiri anakhala pambali pa mphasa ya mwamuna wake. Ufa unali utatha, ndipo Mwatitha anali atayamba kale kufunsa ngati kuphiri amalembako atsikana.

"Bambo a Mwatitha, ndikufuna ndikatenge ntchito ija."

"Yolizira anthu? Inu, mayi a Mwatitha?"

"Nanga titani? Ndikapanda kupita ine, apita mwanayu."

A Mkwapatira anatembenukira kukhoma. "Pitani," anatero. "Koma polizapo muzitsinzina. A Gwedeza amati zimathandiza."

Nazimbiri anadzimvera manyazi kwambiri tsiku limene anavala wenzulo m'khosi, ndipo anadutsa njira yakuseri kuti anzake asamuone. Ntchito yake yoyamba inali ya tsiku la mwambo lomwelo. A Msandikhudze anamuitana pambali n'kumulangiza okha.

"Tamvera, mayi iwe. Onyamula machilawa ndi akathyali. Wina akhoza kudzigwetsa dala pamaso pa mfumu kuti aimvetse chisoni. Uziyenda pambuyo pawo penipeni. Aliyense akagwa, liza. Usayang'ane nkhope."

"Aliyense, bwana?"

"Kodi ndiwe gonthi? Ndati aliyense. Munthu akafika pansi usanalize, ulipira ndiwe."

"Ndamva, bwana."

Kupeza onyamula machila kunali kovuta. Amuna a miyendo iwiri ndi manja awiri anali atachepa ku Pirirani, ndipo amene anapezeka anali aja omeza chifuwa. Anaima pamzere atatseka pakamwa, ananyamula Mfumu Ndakhuta, imene chaka chimenecho inali itawonjezera thupi chifukwa cha mtendere wa m'dziko, n'kuyamba kukwera. Kutsogolo kunali ovina ndi oimba ng'oma, ndipo mapazi awo ankautsa fumbi loyera la miyala limene linkabwerera kumaso kwa onyamulawo. Nduna zinkatsatira zitatseka mphuno ndi mipango yonunkhira.

Atafika pokwera kwambiri, wonyamula wakutsogolo anayamba kunjenjemera mapewa. Anameza, anamezanso, misozi ikutsika, koma chifuwa cha miyezi yambiri sichimezeka mpaka kalekale. Chinaphulika. Mnzake wapambali atamva, chakenso chinayankha, kenaka onse.

Pamenepo Nazimbiri anayenera kuliza. Anaika wenzulo pakamwa, koma wotsokomolayo anali mwamuna wa mnzake, bambo wa ana aang'onoang'ono, ndipo analephera kuuzira. Akulimbana ndi mtima wake choncho, machila anapendekeka. Mfumu Ndakhuta inagubuduka, inatuluka m'machilamo miyendo ili m'mwamba, chisoti chachifumu chikuuluka pachokha.

Nazimbiri sanatsinzine. Analiza ndi mpweya wonse umene anausunga chigwereni mwamuna wake, moti anamva ngakhale a Nachanza kumsika.

Mfumu inafika pansi n'kubinya phazi. Kulira kumene inalira kunaposa kwa onse amene anagwapo paphirilo kuwaphatikiza pamodzi. Anaikwezanso pamachila n'kuthamanga nayo ku Chipatala cha Antchito, chimene chinali pafupi, khamu lonse likutsatira. Pakakhomo ka ogwira ntchito mfumu sikanakwana ngakhale chammbali, choncho anaima pageti lalikulu, pamaso pa mlonda uja.

Mlondayo anaizindikira mfumu, koma anali ataphunzitsidwa mafunso ake, ndipo ena analibe.

"Avulalira kuti mwini dziko?"

"Pantchito!" anakuwa a Msandikhudze. "Tsegula, chitsiru iwe!"

"Kunalira wenzulo?"

"Kunalira!" linayankha khamu lonse la ku Pirirani, mwachimwemwe chimene chinali chisanaonekepo pamwambo uliwonse wa boma.

"Asanafike pansi kapena atafika?"

"Ali m'malere!"

"Ndiye pepani, wawa," anatero mlonda atagwada. "Munali mutaweruka. Munanena nokha kuti lamulo silisankha nkhope. Ndikatsegula, mundimanga ndinu nomwe."

A Msandikhudze anatembenukira Nazimbiri maso ali psuu. "Iwe! Wachita chiyani?"

"Munati aliyense, bwana. Nkhope sindinayang'ane."

Apa a Tidyeretu, amene anali atatola chisoti chachifumu paphiri paja ndipo ankachipukuta fumbi mwachikondi, anayankhula ngati akudziyankhulira okha. "Komatu nkhaniyi ndi yofunika kuiganizira bwino. Ngati mwini dziko aweruka, ndiye kuti pakadali pano pampando palibe munthu. Dziko silingagone lopanda mfumu."

Mfumu Ndakhuta inasiya kulira nthawi yomweyo. Inayang'ana chisoticho, inayang'ana mutu wa a Tidyeretu, n'kuona kuti zikhoza kukwanana.

"Lamulo la wenzulo latha!" inakuwa ili chigonere. "Latha lero, latha dzulo, silinakhaleponso! Aliyense amene anagwa, anagwa ali pantchito! Tsegulani geti, ndipo iwe Tidyeretu, bweretsa kuno chipewa changa!"

Mlonda anabwera ndi kiyi, koma loko anali atachita dzimbiri chifukwa chosatsegulidwa. Anachita kuitana oswa miyala kuti aphwanye ndi mahamala, ndipo iwo anagwira ntchitoyo mosafulumira, akupumira kutsokomola momasuka koyamba m'chaka chimenecho. Nazimbiri sanadikire kuti aone. Anavula wenzulo, anaponya m'ngalande, n'kuthamangira kunyumba kukatenga wilibala.

Pobwerera anapeza msewu wadzaza. Pirirani yense anali paulendo wopita kuchipatala: a ndodo, a m'mawilibala, oberekedwa kumsana, otsogoleredwa chifukwa tizidutswa ta miyala tinawaboola maso. A Gwedeza analinso pomwepo, akupumira m'mwamba. Nduna zinaima pakhonde zikudabwa kuti anthu onsewa avulala liti, chikhalirecho m'dziko munalibe ngozi.

M'kati mwa chipatala munali moyera bwino. M'chipinda china anamwino ankasungiramo nkhuku, ndipo m'china ankayanikamo chinangwa. Madokotala onse, ndi anamwino onse, anazungulira phazi la mfumu. Wina ankalisisita, wina ankaliuzira, wina ankalemba mmene likumvera. A Mkwapatira anadikira pakhonde m'wilibala mpaka phazi lachifumu litamangidwa bandeji yonse imene inalipo yatsopano.

Kenaka Dokotala Zembeni anabwera, anamasula nsanza ndi timitengo ta sing'anga tija, n'kuuyang'ana mwendowo.

"Ndinanena, mayi," anatero motsitsa mawu.

"Munanena, adokotala. Munanenera pakakhomo."

Anaudula pamwamba pa bondo. Apa palibe choseketsa, ndipo sindiyesa kuchifuna. Nazimbiri analira kuseri kwa chipatalacho mpaka mawu anamuthera, chifukwa geti limene analipempha miyezi yonse ija linatseguka ndi phazi lobinya la munthu mmodzi, ndipo linatseguka mochedwa.

Bwalo la nduna litakumananso, a Msandikhudze anaimirira ndi nzeru yatsopano imene anati inawabwerera kutulo: kuti oswa miyala azivala zisoti, jombo ndi zotseka pamphuno, ndiponso kuti pamiyala pazithiridwa madzi. Mfumu inawapatsa mendulo. Dokotala Zembeni anaomba nawo m'manja.

Vuto linali lakuti nkhokwe inali mbee. Ovulala onse aja tsopano anali ovulala pantchito, ndipo aliyense ankayenera chipukuta misozi. Zisoti ndi zotseka pamphuno anati zidikire chaka china. Ndalama zimene zinapezeka, atagulitsa ng'ombe zina za mfumu, zinakwanira jombo zokha. Koma a Tidyeretu sanali nduna ya masewera. Anagamula kuti jombozo zikhale chipukuta misozi cha amene anaduka miyendo, ndipo poti munthu wa mwendo umodzi safunika jombo ziwiri, peyala imodzi izipukuta misozi ya mabanja awiri. Otsala kuphiri anauzidwa kuti apirire pang'ono, zawo zikubwera.

Mwambo wopereka unachitikira pamsika wa Tingoona. Kunali ng'oma, kunali zoyankhula, ndipo mfumu inafika ikutsimphina mwaulemerero, ikutchedwa Wovulala Woyamba wa Dziko. Nazimbiri anakankha wilibala mpaka kutsogolo dzina la mwamuna wake litaitanidwa. A Tidyeretu anawerama pang'ono n'kuika m'manja mwa a Mkwapatira jombo imodzi yakuda, yonyezimira, yachitsulo kutsogolo.

Nazimbiri anaiyang'ana, anayang'ana phazi la mwamuna wake limene linatsala, n'kuyang'ananso jomboyo.

"Bwana, iyi ndi yakumanzere."

"Eya, mayi."

"Wakumanzere ndi umene munadula."

"N'chifukwa chake," anatero a Tidyeretu moleza mtima, ngati akuphunzitsa mwana. "Chipukuta misozi chimalowa m'malo mwa chimene chatayika. Bambowa anataya kumanzere, alandira kumanzere. Kumanjaku sanataye kanthu, ndiye tilipire chiyani? Ndipo musakasinthane ndi anzanu, katundu wa mfumu sasinthanitsa. Wotsatira!"

"Mwamva, asisi?" anatero a Nachanza chapansipansi. "Mwayi wawo sanaduke mutu. Akanalandira chisoti chaka chamawa."

A Mkwapatira sanaseke ndipo sanadandaule. Anaitembenuza jomboyo, n'kumasisita mano a kunsi kwa jomboyo ndi chala, pang'onopang'ono, monga mmisiri amayesera chipangizo chabwino.

"Yolimba bwino, mayi a Mwatitha," anatero. "Iyi pathanthwe siterereka. Mukaikemo nsanza kutsogoloku kuti imukwane mwanayu. Paja mawa akuyamba kuphiri."

Nazimbiri anagwira wilibala n'kuyamba kukankha kulowera ku Pirirani, jombo ili pamiyendo pa mwamuna wake, pamalo pamene panali mwendo. Kumbuyo kwawo dzina lina linaitanidwa, ndipo anthu anaomba m'manja, amene anali nawo manja onse.